Madzi akaphwa, timu imabalalika: mafunso ndi mayankho pa mpira wa kugombe la Chilwa

Msewu wochoka mumzinda wa Zomba kulowera kummawa umakathera pa doko la Kachulu, mtunda wa makilomita pafupifupi 30. Woyenda pamsewuwu Loweruka kapena Lamulungu masana m'chilimwe amaona fumbi likukwera pabwalo la sukulu, njinga zitatsamira mitengo, amayi akugulitsa mandasi ndi nzimbe, anyamata 22 akulimbirana mpira pakati pa khamu lomwe laima mpaka pamzere. M'midzi ya mafumu aakulu Mwambo ndi Kuntumanji, ngakhalenso pachilumba cha Chisi kwa Mkumbira, matimu otere ndi ambiri. Salipira osewera, alibe ofesi, ndipo maina awo safika m'nyuzipepala. Komabe timu iliyonse ili ndi chiyambi chake, zaka zomwe idaopsa anzake ndi zaka zomwe idagona. Mbiri imeneyi imayenda limodzi ndi madzi a m'nyanja ya Chilwa komanso thumba la munthu amene akuithandiza timuyo.

Kodi mpira udafika bwanji kugombe kuno?

Udatsika kuchokera kumtunda. Amishoni a Church of Scotland adakhazikika ku Blantyre mu 1876, ndipo mu 1884 adatsegula mishoni ya Domasi, pafupi ndi mtsinje womwe umathira m'nyanja ya Chilwa. Sukulu za mishoni zidabwera ndi masewero ake, ndipo aphunzitsi osulidwa kumeneko ndiwo ankapita kukatsegula sukulu za m'midzi. Mu 1891 Zomba idakhala likulu la boma la atsamunda. Azungu ogwira ntchito m'boma ankasewera paokha ku Gymkhana Club, eni dziko akuonerera chapatali. Padalinso asilikali a King's African Rifles, gulu lomwe lidakhazikitsidwa mu 1902 ndipo kambi yake yaikulu m'dziko la Nyasaland idali ku Zomba komweko. Dzanja la asilikali likuonekabe pa mpira wa Zomba mpaka lero.

Msilikali wobwerera kumudzi ankabweretsa zambiri. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha mu 1918, gule wa beni, wotsanzira perete wa asilikali, adafala pakati pa Ayao a ku Zomba, Machinga ndi Mangochi. Gulu la beni linkakhala ndi atsogoleri a maudindo osiyanasiyana, yunifomu, thumba losonkherana ndi maulendo okapikisana ndi mudzi wina. Aliyense wodziwa mmene timu ya kumudzi imayendera angaone kufanana kwake: mpira udapeza anthu ozolowera kale kuvala zofanana, kusankha kapitawo ndi kuyenda mtunda wautali kukateteza dzina la mudzi.

Chidakoleza moto kwambiri ndi wailesi. Mu 1978 Malawi idatenga chikho cha maiko a kummawa ndi pakati pa Africa itagonjetsa Zambia 3-2 pakhomo, ndipo mu 1979 idachitetezanso ku Kenya. Dzina la Kinnah Phiri lidamveka m'khonde lililonse lokhala ndi wailesi ya mabatire. Mkangano wa Manoma (Wanderers), omwe adayamba mu 1962, ndi Maule (Bullets), omwe adabadwa mu 1967, udafika kugombe kudzera mwa oulutsa mpira a MBC, ndipo udagawa mabanja omwe sadapondepo pabwalo la Kamuzu. Pamene Super League inkayamba mu 1986, mwana wa kunyanja adali akudziwa kale kuti mpira utha kutchukitsa munthu. N'chifukwa chake matimu a m'midzi amakonda kubwereka maina kwa akuluakulu, kumata Bullets, United kapena Stars kudzina la mudzi, msika kapena mtsinje.

Timu ya kumudzi imayamba bwanji, ndipo mwini wake ndani?

Imayambira pa chikulunga, mpira wa mapepala apulasitiki omangidwa ndi zingwe, womwe ana amasewera opanda nsapato kuseri kwa nyumba. Odziwa amaonekera pomwepo. Akafika Sitandade 6 kapena 7 amalowa timu ya sukulu, ndipo akamaliza kapena kusiya sukulu amapezeka kuti bwalo akulifunabe koma timu alibe. Apa m'pamene anyamata amakhala pansi, kusankha dzina, kupempha a mfumu ndi a hedi kuti azigwiritsa ntchito bwalo la sukulu madzulo, n'kuyamba kusonkherana ndalama ya mpira wachikopa. Zigoli amadzika zamitengo ya bulugamu kapena nsungwi. Ukonde wa pagolo, kugombe kuno, suvuta kupeza: wakale wophera nsomba umakwana.

Papepala mwini timu ndi mudzi. Pamakhala wapampando, mlembi, msungichuma ndi mphunzitsi, yemwe kawirikawiri ndi wosewera wakale amene bondo lidamukana. Koma zoona zake n'zakuti pafupifupi timu iliyonse yolimba imatsamira pa munthu mmodzi wokhala ndi kangachepe: mwini makoka ndi maboti, wogula matemba okagulitsa ku Limbe, mwini chigayo cha mpunga, wagolosale pamsika. Iyeyu ndiye amagula yunifomu pa kaunjika, amalipira lole yopitira kumasewero akutali, amagulira anyamata sobo ndi mabanzi pakati pa masewero. Amachita izi chifukwa cha chikondi cha mpira, komanso chifukwa dzina lake limakwera. Palibe cholakwika pamenepo. Vuto limabwera bizinezi ikagwa, akasamuka, kapena akakangana ndi komiti n'kunyamula yunifomu yake.

Matimu omwe amakhalitsa ndi aja adaphunzira kupeza ndalama mwa okha. Osewera amagwira ganyu ngati gulu, kuumba njerwa, kupalira, kudula mpunga, ndalama n'kulowa m'thumba la timu. Ena amayendetsa mbale pabwalo. Ndalama zake n'zochepa, koma timu yomwe idagula yunifomu ndi thukuta lake siitha tsiku limene munthu mmodzi wapsa mtima.

Nanga nyanja ikukhudzana bwanji ndi mpira?

Ikukhudzana nawo pa chilichonse. Chilwa ndi nyanja yachiwiri kukula m'Malawi, koma ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Domasi, Likangala, Thondwe, Namadzi ndi Phalombe imathiramo, ndipo madziwo amachoka ndi dzuwa basi. Malo ambiri kuya kwake sikufika mamita 3. Mvula ikavuta zaka ziwiri kapena zitatu zotsatizana, gombe limathawa. Nyanjayi idauma mu 1968, idaumanso mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu idaphwa mpaka maboti adatsala pamatope ong'ambika pa Kachulu.

M'zaka za madzi, matemba, makumba ndi milamba zimabweretsa ndalama yomwe imazungulira dera lonse. Pa zaka zabwino nyanjayi yaperekapo pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a nsomba zonse zogwidwa m'dziko muno. Ndalama imeneyo imafika kwa wokoka khoka, wopalasa bwato, woyanika matemba, wowamba milamba, wakabaza wonyamula madengu, mayi wophika nsima padoko. Imafikanso pabwalo. Nthawi yotere matimu amabadwa, yunifomu zimakhala zatsopano, ndipo alendo obwera kudzasaka ganyu kunyanja amabweretsa miyendo yatsopano m'timu.

Madzi akaphwa, zonse zimatembenuka. Asodzi amasamukira ku Chiuta, ku Malombe, ku Mangochi kapena kutsidya ku Mozambique, ndipo asodzi amenewa ndiwo goloboyi, otchinga kumbuyo ndi omwetsa zigoli a timu. Mwini makoka yemwe ankagula mipira amakhala akuganiza za chimanga cha ana ake. Palibe msonkhano wothetsa timu umene umachitika; anyamata amangochepa pabwalo sabata ndi sabata mpaka otsala sakwananso kugawana mbali ziwiri. Madzi akabwerera, monga adachitira ndi mvula yamphamvu ya mu Malichi 2019, timu imadzukanso, mwina ndi dzina lomwelo, mwina lina, koma ndi osewera ena. Ndiye munthu akafunsa kuti timuyi idayamba liti, akuluakulu awiri a mudzi umodzi atha kutchula zaka zosiyana ndipo onse n'kukhala akunena zoona, wina akuwerenga kuchokera pa chiyambi, wina kuchokera pa kudzuka.

Ngakhale m'chaka chabwino, nyanja ndi imene imalemba ndondomeko ya masewero. Msodzi wokhala m'zimbowera, tinyumba toyandama ta pakati pa mabango, amatha masabata osaponda kumtunda, ndipo mphunzitsi sangamudalire pa zokonzekera za pakati pa sabata. Timu ya pa Chisi ikafuna kusewera kumtunda imayamba yalipira boti. M'dzinja dothi lamakande la m'madambo limasanduka phala moti bwalo silipondeka, ndipo chaka ngati cha 2023, pamene namondwe wa Freddy adakantha chigawo cha kummwera m'mwezi wa Malichi, madzi amamiza minda, misewu ndi mabwalo omwe. Mpira weniweni umayamba mvula ikatha, umakolera mpunga wa ku sikimu ya Likangala ndi m'madambo ukakololedwa, anthu ali ndi ndalama m'thumba, n'kuzilala mitambo ikayamba kusonkhana mu Novembala.

Amapikisana m'mipikisano yanji?

Wodziwika kwambiri ndi bonanza: matimu anayi kapena kuposerapo, tsiku limodzi kapena awiri, wogonja n'kutuluka. Mphoto imakhala ndalama, mpira, yunifomu, nthawi zina mbuzi. Amakonza bonanza ndi amalonda, mipingo, mabungwe ofuna kufalitsa uthenga wa zaumoyo kapena wa zachilengedwe pamene khamu lasonkhana, ndiponso andale.

Zikho za aphungu ndi ofuna uphungu zimafunika kuzikamba mosabisa. Zabweretsa mipira ndi yunifomu kumidzi komwe bungwe lililonse la mpira silidafikeko, ndipo fainolo yake imadzaza bwalo kuposa masewero ena a ligi yaikulu. Koma zimachuluka chisankho chikayandikira, n'kusowa mavoti akawerengedwa. Popeza mphoto ndi yaikulu ndipo kalembera ndi wofooka, matimu amabwereka osewera a m'tauni tsiku la masewero, mnyamata wa pamudzi yemwe wakhala akukonzekera miyezi yonse n'kukhala panja. Ndipo mpikisano wachipulula suphunzitsa zambiri: theka la matimu limasewera kamodzi kokha n'kubwerera kwawo. Chimene chimaumba timu ndi ligi, kusewera sabata iliyonse, pakhomo ndi koyenda, kugonja lero n'kukonza cholakwika Loweruka likudzalo.

Makwerero alipo, ngakhale ndi aatali. Pansi pali mipikisano ya m'maboma. Pamwamba pake pali maligi a m'zigawo, ndipo kwa zaka zambiri matimu a Zomba ankasewera pansi pa Southern Region Football Association. Mu 2025 bungwe la Football Association of Malawi, FAM, lidakhazikitsa National Division League, yothandizidwa ndi NBS Bank, kuti ikhale pakati pa zigawo ndi Super League ya matimu 16. Palinso zikho zomwe zidatsegula chitseko kuchokera pansi penipeni. Presidential Cup, yomwe idayamba mu 2009 nthawi ya Bingu wa Mutharika, inkayambira m'maboma. Castel Challenge Cup, yomwe idayamba mu 2023 ndipo oyamba kuitenga adali Bullets, nayonso idayambira m'maboma. M'zikho zotere timu yolembetsedwa ya kumudzi ili ndi njira, ngakhale yopapatiza, yokakumana ndi matimu omwe imangowamvera pawailesi.

Kodi Zomba idakhalapo ndi matimu mu Super League?

Idakhalapo nawo, ndipo nkhani yawo ikuphunzitsa zambiri za chimene chimasunga timu. Dzina lalikulu ndi Red Lions, timu ya asilikali a Malawi Defence Force a ku Cobbe Barracks. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2010 Zomba idafika pokhala ndi matimu atatu m'ligi yaikulu nthawi imodzi: Red Lions, Cobbe Barracks ndi Zomba United. Awiri omalizawa sadakhalitse, ndipo Zomba United, yomwe idali ya anthu wamba, sidabwererenso.

Red Lions nayo yagwapo. Idatuluka m'ligi mu 2018, idabwerera mu 2020, idatulukanso mu 2023. Kusiyana kwake n'kwakuti timu ya asilikali ikatuluka m'ligi imangosintha anzake osewera nawo. Osewera ake ambiri ndi asilikali olandira malipiro pamwezi, galimoto yoyendera ilipo, chakudya chilipo, malo okonzekera alipo. Chimodzimodzi Blue Eagles ya apolisi a ku Lilongwe, yomwe idatuluka limodzi ndi Red Lions mu 2023 koma mu 2024, ili m'ligi yaing'ono, idatenga FDH Bank Cup pogonjetsa Bullets pamapenate. Timu ya anthu wamba ikatuluka, osewera abwino amagulidwa mwezi womwewo, wothandiza amagwa mphwayi, ngongole zimatsala.

Chodandaulitsa china ndi bwalo. Ntchito yomanga bwalo lamakono pa Zomba Community Centre Ground idayamba mu 2017 n'kutenga zaka zambirimbiri, ndipo m'nyengo imeneyo Red Lions inkasewera masewero ake apakhomo kunja kwa boma, ku Chiwembe mumzinda wa Blantyre ndiponso ku Balaka. Kwa mnyamata wa ku Jali kapena ku Kachulu izi sizidali zazing'ono. Mwayi wopalasa njinga kukaona Maule kapena Manoma ndi maso, kuona mmene wotchinga kumbuyo wa ligi yaikulu amaimira pamene mpira uli kutali, udamuchokera pa zaka zomwe akadaphunzira zambiri.

Ilipo timu ya m'tauni yaing'ono yomwe idakwera n'kukhazikika?

Zitsanzo zilipo, ndipo chilichonse chili ndi mbali yokoma ndi yowawa. Ekwendeni ndi tauni yaing'ono ya mishoni pafupi ndi Mzuzu. Timu yake, Ekwendeni Hammers, idalowa mu Super League mu 2020 ndipo mu 2021 idafika mu fainolo yoyamba ya FDH Bank Cup, komwe idagonja 2-0 ndi Silver Strikers. Mu 2024 idafika mu fainolo ya Castel Challenge Cup, komwe idagonja ndi Wanderers. Koma pofika nthawiyo dzina lidali litasintha kukhala Mzuzu City Hammers. Timu idapulumuka, idakula, idafika m'mafainolo a zikho, ndipo dzina la Ekwendeni lidatsala m'njira.

Chitipa United idalowa koyamba m'ligi yaikulu mu 2017, idatuluka, idabwerera, idatulukanso, ndipo itabwerera mu 2023 idamaliza pa nambala 4. Kwa nthawi yaitali masewero ake apakhomo inkasewerera ku Karonga, mtunda wa makilomita pafupifupi 100, chifukwa kwawo kudalibe bwalo lovomerezeka. Kufupi ndi kuno, kuseri kwa chigwa cha Phalombe, kuli FOMO ya ku Mulanje, yomwe idaphuka m'bungwe losamalira ana amasiye la Friends of Mulanje Orphans. Idalowa mu Super League mu 2024 n'kutuluka chaka chomwecho. Embangweni United ya ku Mzimba nayo idalawako ligi yaikulu kanthawi kochepa.

Chimagwetsa matimuwa kawirikawiri si luso la osewera. Timu ya ku Zomba yokasewera ku Karonga imayenda makilomita oposa 700 ulendo umodzi, kulipira basi, malo ogona ndi chakudya cha anthu oposa 20. Malamulo a ziphaso za matimu a FAM amafuna bwalo loyenera, mphunzitsi wa mapepala, makontirakiti a osewera, timu ya achisodzera ndi mabuku a ndalama oonetsedwa kwa akatswiri. Malamulowa ndi abwino, amateteza wosewera kuti asamagwire ntchito yaulere. Koma kwa timu yodalira phindu la matemba a munthu mmodzi, chilichonse mwa zimenezi ndi phiri.

Bwanji za mankhwala ndi ndewu zomwe zimamveka m'mabwalo a kumidzi?

Zimachitika, ndipo sizichitika kumudzi kokha: matimu a Super League omwe akhala akulipitsidwa chindapusa chifukwa cha zamatsenga, monga kuthira zinthu pagolo kapena kukana kulowera pachipata. Kumudzi chimakulitsa mkangano n'chakuti woimbira nthawi zambiri ndi munthu wa dera lomwelo, wopanda maphunziro a ntchitoyo, wopanda mpanda womuteteza, ndipo pena anthu amakhala atabetcherana ndalama. Penate ya mphindi zomaliza imatha kuthetsa masewero ndi chibale cha midzi iwiri. Komwe mafumu ndi makomiti amagwirizana kutenga woimbira wa kutali n'kumulipira onse awiri, masewero amafika kumapeto.

Atsikana ali pati m'nkhani imeneyi?

Kwa zaka zambiri malo awo adali pabwalo la ntchemberembaye pambali, kusewera msanga anyamata asanalowe. Zinthu zikusintha, ndipo amene adazisintha kwambiri ndi ana awiri a banja limodzi la ku Rumphi. Tabitha Chawinga adayamba kusewera ndi anyamata kumudzi, adapita ku DD Sunshine ku Lilongwe, adafika ku Sweden mu 2014, ndipo m'chaka cha 2022/23 adamwetsa zigoli zambiri kuposa aliyense m'ligi ya Italy ali ku Inter Milan. Mng'ono wake Temwa adamwetsa zigoli 20 m'ligi ya America mu 2024 ali ku Kansas City Current n'kusankhidwa wosewera wopambana onse. Mu 2023 timu ya dziko ya Scorchers idatenga chikho cha COSAFA itagonjetsa Zambia.

Palibe mwamuna wa ku Malawi amene adafikapo pamlingo wotere m'maligi akuluakulu a dziko lapansi. Izi zikutanthauza kuti kwa mwana wa kugombe la Chilwa, njira yofikira kutali ingakhale yotseguka kwambiri kwa mtsikana kuposa mnyamata. Komabe mtsikana ndi amene amasiya msanga: ntchito za pakhomo, kuyanika nsomba, mtunda wa kusukulu, ukwati wa ali mwana. Timu ya mudzi yomwe ili ndi mipira iwiri ikadapereka umodzi kwa atsikana, n'kuwapatsa bwalo masiku awiri pa sabata ndi munthu wamkulu wodalirika wowayang'anira, ikadachita chinthu chomwe makomiti ambiri sadachiganizirebe.

Wosewera akatengedwa ndi timu yaikulu, timu ya kumudzi imapindula chiyani?

Kawirikawiri imapindula kunyadira basi, mwina ndi mipira iwiri ya zikomo. Chonsecho malamulo a mpira adaikonzera gawo lake. Pansi pa malamulo a FIFA, wosewera akagulitsidwa kuchoka dziko lina kupita lina kontirakiti yake isanathe, 5 peresenti ya ndalamayo imagawidwa kwa matimu onse omwe adamulera kuyambira chaka chomwe adakwanitsa zaka 12 mpaka chomwe adakwanitsa 23. Chaka chilichonse cha pakati pa 12 ndi 15 chimabweretsa kota ya peresenti imodzi, ndipo chilichonse cha pakati pa 16 ndi 23 chimabweretsa theka la peresenti. Tiyerekeze kuti mnyamata wagulidwa pa madola 100,000. Timu yomwe idamusunga kuyambira zaka 12 mpaka 15 iyenera kulandira madola 1,000, ndipo akagulitsidwanso kudziko lina ilandiranso. Kwa timu ya ku Europe imeneyi si ndalama. Kwa timu ya kwa Mwambo ndi yunifomu, nsapato ndi mayendedwe a chaka chonse.

Nkhaniyi si yongolota. Osewera a ku Malawi amapita kunja chaka chilichonse, makamaka ku South Africa, Mozambique, Zambia ndi Tanzania. Gabadinho Mhango adachoka ku Bullets kupita ku Bloemfontein Celtic mu 2013, adakhala mmodzi mwa omwetsa zigoli zambiri ku South Africa mu 2019/20 ali ku Orlando Pirates, ndipo mu Januwale 2022 adagoletsa chigoli chakutali chija polimbana ndi Morocco pa mpikisano wa Africa ku Cameroon. Wosewera aliyense wotere adayambira pabwalo lafumbi kwinakwake.

Ndalamayo, komabe, imatsata zolembedwa. Imapita kwa timu yolembetsedwa ku bungwe la mpira, pa wosewera yemwe dzina lake lili m'kaundula wa pakompyuta, womwe kuno FAM imautcha Mpira Connect. Kuyambira 2022 FIFA ili ndi ofesi yakeyake yowerengera ndi kutumiza ndalama zotere pogwiritsa ntchito mbiri ya wosewera yolembedwa m'kaundulamo. Zaka zomwe mnyamata adasewera m'timu yosalembetsedwa siziwerengedwa, ngakhale mudzi wonse utachitira umboni kuti ndi iwo adamuphunzitsa kuponda mpira.

Apa m'pamene ntchito ya mlembi wa timu imaposa ya womwetsa zigoli. Kope la masamba 80 losungidwa m'thumba lapulasitiki kuopa chinyezi litha kusunga chaka chomwe timu idayamba, maina a oyambitsa, wosewera aliyense ndi tsiku lomwe adalowa, zotsatira za masewero, ndalama zolowa ndi zotuluka. Kope lotere limathetsa mikangano ya yunifomu, limapatsa wothandiza watsopano chifukwa chokhulupirira komiti, ndipo nyanja ikadzaphwanso anyamata n'kubalalika, odzadzutsa timu adzapeza poyambira. Chotsatira ndi ulendo wa ku Zomba, kukaonana ndi komiti ya mpira ya boma ndi ofesi ya zamasewero kuti timu ilembetsedwe. Umboni wa zaka za wosewera, womwe kale udali mutu waukulu, tsopano ukupezeka: boma lidayamba kupereka ziphaso za unzika mu 2017 kwa aliyense wa zaka 16 kupita m'tsogolo, ndipo ana ocheperapo amalembetsedwa kalata ya kubadwa kudzera kuchipatala kapena kwa a mfumu.